Kodi kamera yanga ikapirira ku Deception Island?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndimagwira ntchito mu sitima yonyamula alendo ndiye akuti Januwale ikubwerayi tikafika ku Deception Island ku Antarctica. Ndagula kamera ya kaunjika koma anzanga akundiopseza kuti kumeneko phiri limaphulika komanso kuzizira kumapha kamera. Zoona zimenezi? Mtsikana wokonda kujambula.

YANKHO: Achemwali mwayi umenewo musauphonye. Za kuphulikazo anzanu sakunama, chilumba chonsecho ndi phiri lophulika lomwe pakati pake panatitimira nyanja nkulowamo, chimaoneka ngati mphika wobenthuka mbali imodzi ndipo pobenthukapo, pa Neptune's Bellows, mpamene sitima imalowera. Linaphulika mu 1967, 1969 ndi 1970 mpaka kugumula nyumba za akafukufuku a ku Chile ndi Britain, koma pano asayansi a ku Spain ndi Argentina amakhala akulitchera khutu nyengo yonse ya alendo ndiye mtima m'malo.

Polowa pa Bellows paja mukhale muli kale panja kamera ili m'manja chifukwa mpata wake ndi wochepa, matanthwe amakhala pafupi zedi ndipo mukamati ndikatenge jekete basi mwadutsa.

Kuzizira sikupha kamera, kumangomaliza batire msanga, tengani awiri kapena atatu muziwasunga m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Chimene ine ndimaopa ndi phulusa. Gombe la Whalers Bay, pomwe alendo amatsikira pachilumbachi, ndi phulusa lakuda lokhalokha ndipo mphepo ikangoti kuuu limalowa paliponse, ndiye lenzi osasintha muli panja, sankhani imodzi musanatsike. Pobwerera mu sitima ikani kamera mu jumbo yotseka bwino isanakumane ndi mpweya wofunda, apo ayi ichita thukuta mkati ndipo chinyontho chimenecho ndi chomwe chimaononga. Komanso pansi pakuda pamwamba poyera kamera imasokonezeka, muziona chithunzi chilichonse pompo nkumakonza kuwala.

Zojambula ndiye ziliko, matanki adzimbiri a fakitale ya anthu a ku Norway yomwe inkayenga mafuta a anamgumi kuyambira 1912 mpaka 1931, maboti amatabwa okwiririka m'phulusa, nthunzi ikufuka m'mphepete mwa madzi makamaka nyanja ikaphwa. Ine ndimati pamenepo muchedwepo ndithu, anamgumi ambirimbiri anathera pagombe limenelo ndipo chithunzi chabwino chiyenera kuonetsa zimenezo.

Malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo ku Antarctica, muwatsate chonde, mapengwini ndi nyama zina muzitalikire mamita 5, osatola kanthu ngakhale kamwala, osakumba dzenje losambiramo ngati momwe alendo ankachitira kale, drone ndiye iwalani. Chifukwa cha chimfine cha mbalame masiku ano salolanso kukhala pansi, kugwada kapena kutula chikwama, ndiye phunzirani kujambula mutawerama.

Popeza muli pantchito kambiranani ndi abwana anu msanga, kumtunda amaloleza anthu 100 okha nthawi imodzi ndipo sitima yonyamula alendo oposa 500 sitsitsa munthu konse. Funsani kuti yanuyo imanyamula angati.