Funsani Dokotala: Atiuza kuti tiyambe kufunsa odwala za mowa, tiyambire pati?

Funso: Adokotala, ine ndi namwino pa kiliniki ina yaing'ono, timaona a BP, a shuga, amayi oyembekezera, a TB, a ma ARV, aliyense basi. Akuluakulu athu atiuza kuti tiyambe kumafunsa odwala za mowa ndi kuwapatsa uphungu pang'ono koma sanatiuze kuti tizichita bwanji. Mzere umakhala wautali, komanso kunena zoona ine ndimachita manyazi kufunsa munthu wamkulu msinkhu wa bambo anga kuti mumamwa mowa wochuluka bwanji. Ndiponso anthuwo amanama. Zimathandizadi zimenezi kapena tingotaya nthawi?

Yankho: Anamwino, zikomo polemba. Manyazi mukunenawo ndikuwadziwa, inenso zaka zoyambirira pa ntchito funso la mowa ndinkalidumpha, ndinkangofunsa za fodya nkupitirira. Nde ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo. Eya zimathandiza. Mu 2018 bungwe la Cochrane linaunika pamodzi ma kafukufuku 69 a uphungu wachidule wa mowa, ndipo anapeza kuti patatha chaka, anthu amene analangizidwa ankamwa mocheperako ndi magalamu pafupifupi 20 a mowa weniweni pa sabata poyerekeza ndi amene sanalandire uphunguwo. Magalamu 20 ndi ngati botolo limodzi ndi theka. Mwina mukuti aaa zochepa chonchi, koma werengani anthu onse amene amakhala pa mpando wa patsogolo panu pa chaka, nkukumbukira kuti mankhwala ake ndi pakamwa panu basi, mphindi zisanu kapena khumi. Anapezanso kuti uphungu wautali sunkaposa kwenikweni waufupiwo, nde nkhani ya mzere isakufooketseni.

Chimene ndikufuna mugwire kwambiri ndi ichi: muzifunsa aliyense. Osati okhawo amene alowa akununkha mowa, kapena amene maso ali psuu. Amenewo mwawadziwa kale, safunika fomu. Lipoti la 2024 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linati mu 2019 mowa unatenga miyoyo ya anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo si onse amene anali zidakwa zodziwika, munali a ngozi zapamsewu, a matenda a mtima, a khansa, a chiwindi, anthu oti mukawaona simungawaganizire nkomwe. Ndipo amenewa ndi amene uphungu wachidule umawathandiza kwambiri chifukwa mowa sunawamange. Kufunsa aliyense kumachotsanso manyazi anu aja. Mukasankha munthu mmodzi pa mzere amamva ngati mwamuloza chala, koma mukamati "bambo, aliyense wobwera kuno timamufunsa za fodya ndi mowa chifukwa zimakhudza BP ndi mankhwala amene tikupatseni, ndingakufunseni mafunso atatu?" munthu amayankha ngati mmene amakwerera pa sikelo. Malo abwino ofunsira ndi pomwe mumayeza BP ndi kulemera, bola pakhale poti wotsatira pa mzere asamamve.

Mafunsowo musavutike kupeka anu. WHO inatulutsa fomu yotchedwa AUDIT mu 1989, inayesedwa m'mayiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Kenya, Mexico ndi Norway, ili ndi mafunso 10 ndipo mapointi ake amayambira 0 mpaka 40. Koma pa kiliniki yotanganidwa yambani ndi atatu oyambirira okha, amene amatchedwa AUDIT-C. Loyamba, mumamwa kangati? Lachiwiri, tsiku limene mwamwa mumamwa miyezo ingati? Lachitatu, ndi kangati pamene mumamwa miyezo 6 kapena kuposa pa nthawi imodzi? Funso lililonse lili ndi mapointi 0 mpaka 4, onse pamodzi 12. Munthu akati sindimwa, mwamaliza, masekondi khumi sanakwane. Ku America amati bambo akafika 4 kapena mayi akafika 3 ndekuti pakufunika kupitiriza, ku Britain amagwiritsa ntchito 5. Inu onani zimene malangizo a unduna wa zaumoyo akunena, mugwirizane nambala imodzi nonse pa kiliniki, muilembe pa khoma.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa mawu oti muyezo. Pa AUDIT muyezo umodzi ndi magalamu 10 a mowa weniweni, si botolo limodzi ayi. Botolo la 330 ml la 5% lili ndi magalamu pafupifupi 13. Katoti ka 40 ml ka mowa waukali wa 40% kalinso ndi pafupifupi 13 omwewo, ngakhale kamaoneka kochepa. Nde musamufunse munthu kuti miyezo ingati, sakudziwa. Mufunseni amamwa chani, m'botolo kapena tambula yaikulu bwanji, zingati, masamuwo muchite ndinu. Jambulani pa pepala limodzi mabotolo ndi matambula amene odwala anu amatchula kawirikawiri, mulembe miyezo yake pambali, lizikhala pa tebulo.

Ndikupatseni chitsanzo chimene chinandisintha ine. Kunali bambo ena a BP, aulemu, ovala bwino, osajomba tsiku lawo, koma BP osatsika, ife nkumangowonjezera mapiritsi. Tsiku lina ndinawafunsa za mowa, anati "aaa adokotala ine ndimamwa Loweruka lokha." Kale ndikanalemba kuti amamwa pang'ono nkutseka fayilo. Koma ndinapitiriza, Loweruka limenelo mabotolo angati? Anawerenga ndi zala, eyiti. Mabotolo 8 a magalamu 13 ndi magalamu 104, miyezo 10 usiku umodzi. Funso loyamba mapointi 2, lachiwiri 4, lachitatu 3 chifukwa zinali sabata iliyonse, zonse 9 pa 12. Bambowo sanali kunama, m'mutu mwawo analidi munthu womwa mwa apo ndi apo, ndipo palibe anali atawauzapo kuti mowa umakweza BP. Anakhala chete kanthawi kenako anati "bwanji simunandiuze kale?" Funso limeneli limandibwererabe.

Nde pa zoti anthu amanama, ena amachepetsa inde, koma nthawi zambiri vuto ndi kafunsidwe kathu. Mukati "simumamwa mowa eti?" mwamuuza kale yankho limene mukufuna. Mukakweza nsidze atatchula nambala, ulendo wina sadzatchulanso. Funsani ndi nkhope yomweyo imene mumafunsira za chifuwa. Olo atachepetsa pang'ono, wamvabe kuti kuchipatala mowa amauwerengera ngati nkhani ya umoyo, ndipo ena amadzayamba okha nkhaniyo ulendo wachiwiri.

Amene wadutsa malire pa atatu aja mufunseni 7 otsalawo. Akapeza 8 mpaka 15 pa mafunso onse 10 akufunika malangizo achidule pompo. 16 mpaka 19 uphungu wozamirapo ndi kumupatsa tsiku loti abwerenso. 20 kupita m'mwamba nkutheka kuti mowa wamugwira thupi, ameneyo aonedwe ndi dokotala kapena a zamaganizo. Ndipo chonde musayambe pulogalamuyi musanadziwe kuti anthu a 20 amenewa muziwatumiza kwa ndani, tsiku liti, chifukwa palibe chopweteka ngati munthu kukutsegulirani mtima wake inu nkusowa pomulozera.

Uphungu wake si ulaliki. Muuzeni zimene mwapeza ndipo muzilumikize ndi chimene wabwerera: "bambo, mapointi anu ndi 12, kamwedwe kameneka kakhoza kukhala chifukwa china chimene BP yanu ikukanira kutsika." Kenako mufunseni kuti inu mukuziona bwanji, nkukhala chete. Kukhala cheteko nkovuta kwa ife azaumoyo, tinazolowera kuyankhula tokha, koma ndi pamene munthu amatulutsa zake, kuti akazi anga amadandaula, Lolemba ndimadzuka ndi matsire, ndalama sizikuoneka. Zifukwa zimene watchula yekha ndi zamphamvu kuposa zanu. Mukatero nenani malangizo anu momveka osazungulira, kuti monga namwino ndikukulangizani muchepetse. Buku la WHO la 2001 la uphungu wachidule limati osapitirira miyezo iwiri pa tsiku komanso masiku osachepera awiri pa sabata osamwa, koma muwauzenso kuti palibe mlingo umene tinganene kuti ulibiretu chiopsezo, mowa uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ya kum'mero, ya chiwindi, ya matumbo, ya m'mawere. Njira asankhe yekha, kaya kutsika kuchoka pa mabotolo 8 kufika pa 4 kaye, kaya kumwa madzi pakati, kaya kusayamba m'mimba muli mbee, kaya kupewa anzake ena kwa kanthawi. Lembani zimene wasankha m'buku lake limodzi ndi mapointi ndi deti, kuti amene adzamuone ulendo wina adzafunse kuti zikuyenda bwanji. Akakana osalimbana naye, muuzeni kuti chisankho ndi chake ndipo khomo ndi lotsegula.

Pali ena oti malangizo ake si kuchepetsa koma kusiyiratu. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba, chifukwa mowa umadutsa kupita kwa mwana nkuwononga ubongo wake moyo wonse. Amene ali ndi vuto la chiwindi. Amene ali pa mankhwala a TB, chifukwa isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide zimalemetsa kale chiwindi, mowa nkudzawonjezera moto. A ma ARV muwauze mosabisa kuti olo atamwa mowa asadumphe mapiritsi, ena amasiya dala tsiku limene amwa poganiza kuti akudziteteza pamene akudzipweteka.

Poyambira penipeni, musatenge kiliniki yonse tsiku limodzi. Yambani ndi tsiku la BP ndi shuga kwa mwezi umodzi, muyeserere ndi anzanu wina akhale wodwala wina namwino mpaka mawu azituluka okha, kumapeto kwa mwezi muwerenge kuti mwa anthu amene anabwera munafunsa angati. Nambala imeneyo ikakhala yotsika musadzudzulane, fufuzani kuti chikutsekereza nchani, nthawi zambiri ndi mafomu atha kapena malo opanda chinsinsi.

Funso: Adokotala ine ndimamwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri, m'mawa manja amanjenjemera mpaka nditamwako kaye pang'ono. Kuchipatala anandifunsa mafunso a mowa ndinayankha zoona zokhazokha, ndinawauza kuti basi ndasiya lero, koma namwino anati ayi musasiye mwadzidzidzi muonane kaye ndi dokotala. Ndinadabwa, achipatala angandiletse bwanji kusiya mowa?

Yankho: Achimwene, choyamba ndikuthokozeni poyankha zoona, si chinthu chapafupi. Namwinoyo anakuuzani zolondola ndipo sanakuletseni kusiya, akufuna musiye muli otetezeka. Mowa umagonetsa ubongo, nde munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali ubongo umazolowera kugwira ntchito mothamanga kuti ulimbane nawo. Mukauchotsa kamodzinkamodzi ubongowo umatsala ukuthamanga wopanda buleki. Kunjenjemera kwa m'mawa mukunenako ndi chizindikiro choti thupi lanu lafika pamenepo.

Zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni, thukuta, nseru, mtima kugunda kwambiri, mantha, kusowa tulo. Ena m'masiku awiri oyambirira amagwa nkumaphupha ngati a khunyu. Choopsa kwambiri chimabwera cha pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, munthu amasokonezeka mutu, kutentha thupi, kuona zinthu zoti palibe ngati tizilombo tikuyenda pakhoma, madokotala amati delirium tremens, ndipo popanda chithandizo imapha. Si onse amafika pamenepo, koma amene anagwapo kale poyesa kusiya ali pa chiopsezo chachikulu, nde ngati zinakuchitikiranipo mukanene.

Dokotala akakuonani adzasankha ngati mungasiyire kunyumba mukuyang'aniridwa kapena mugonekedwe masiku ochepa. Pamakhala mankhwala ngati diazepam a masiku owerengeka amene amachepetsedwa pang'onopang'ono, musagule nokha ndipo musaphatikize ndi mowa chifukwa ziwirizi pamodzi zimatha kuimitsa kupuma. Amaperekanso vitamini B1, thiamine, chifukwa omwa kwambiri amakhala nayo yochepa ndipo kuchepa kwake kumawononga ubongo ndi kukumbukira. Pitani mawa lomwe musadikire sabata yamawa, mutenge m'bale kapena mnzanu amene mumamukhulupirira kuti akamve nawo malangizo, ndipo podikira kuonana ndi dokotalayo musawonjezere mowa koma musaudulenso mwadzidzidzi. Mukagwa, mukayamba kuona zachilendo kapena kusanza magazi, imeneyo ndi ngozi, akuthamangitsireni kuchipatala nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Masiku oyambawo akadutsa mukafunse za uphungu wopitirira ndi magulu a anthu amene anasiya mowa, komanso ngati mankhwala ochepetsa chilakolako monga naltrexone kapena acamprosate akupezeka komwe muliko.