Yankho kwa amalume pa za chithunzi cha mbuu chija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupu, loti chithunzi ndinaika Loweruka chija bwanji chikuoneka mbuu, kodi foni yanga yawonongeka kapena wojambulayo sanamalize. Ayi ndithu, foni ili bwinobwino, ndipo ntchitoyo inatha. Nchojambula pamanja ndi penti, cha m'ma 1871, ndipo mwini wake ndi Claude Monet wa ku France. Ndinachiona ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi ya pa Trafalgar Square muno mu London, kumene timalowa ulere.

Si chachikulu, mita imodzi sichikwana. Nditachiyandikira, inenso ndinaganiza ngati inuyo. Madzi a mtsinje wa Thames ndi timizere tatifupitifupi ta burashi, tina towala tina takuda. Anthu amene aima pathandala la matabwa kudzanja lamanja alibe ndi nkhope zomwe, ndi timadontho basi. Kenako ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. Amalume, madzi aja anayamba kugwedezeka m'maso mwangamu! Nsanja ya wotchi ya ku Nyumba ya Malamulo, mlatho wa Westminster, timaboti tofuka utsi, zonse zikutuluka m'nkhungu pang'onopang'ono. Mpamene ndinazindikira kuti bamboyu mtima wake sunali pa nyumbazo. Ankajambula nkhungu yeniyeniyo, imene masiku amenewo inkasakanikirana ndi utsi wa malasha.

Za iyeyo, anabadwira ku Paris mu 1840 koma anakulira ku doko la Le Havre. Bambo ake anali a bizinesi ndipo ankafuna kuti mwanayo atsate zomwezo, koma iye ali mnyamata ankagulitsa kale tizithunzi toseketsa ta nkhope za anthu. Wojambula wina, Eugène Boudin, ndi amene anamukokera panja, kuti azijambula kugombe akuona kuwala ndi maso ake. Dzina loti Impressionism, la kajambulidwe kotereka, linabwera mu 1874, pamene mtolankhani Louis Leroy ananyoza chithunzi china cha Monet cha dzuwa likutuluka pa Le Havre.

Koma chimene chinandikhudza ine ndi ichi. Monet sanabwere ku London kudzacheza. Anathawa nkhondo ya France ndi Prussia mu 1870, ali ndi mkazi wake Camille ndi kamwana kawo Jean, ndalama zili zosowa. Anali mlendo mumzinda muno ngati ine ndemwe. Ndikaweruka shifiti ya usiku nyengo yozizira, basi ikuwoloka mtsinje womwewo, mzinda umaoneka choncho, uli pomwepo koma sukuugwira. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka misozi kulengeza.

Ndiye amalume, pafoni musachikulitse ndi zala, mungoona madontho okhaokha. Auzeni ana akuikireni pa laputopu, muyiike patebulo, inu mukaime cha kukhomo. Mukatero mundiuze ngati madziwo sakuyenda.