Mwafunsa za ma hatchback ochokera kunja, bwanji sayenda malonda kumsika watsopano

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mukufuna kuyamba geni yoitanitsa timagalimoto ting'onoting'ono topanda buti tija, ma hatchback, n'kumakagulitsa dziko lina kumene mtunduwo sunafale, koma mukudabwa kuti amene anayesapo akudandaula kuti galimoto zimakhala miyezi payadi osagulidwa pomwe pa intaneti zikuoneka zotchipa komanso sizimwa mafuta. Ineyo ndimadyera m'maboda momwemu, ndiye ndikuuzani mosapsatira chifukwa mpamba wa munthu si woseweretsa.

Kagalimoto kakang'ono mphamvu yake ili pa mtengo basi. Munthu amakagula chifukwa n'kotchipa, ndipo kutchipako ndi kumene kumathera panjira. Mtengo umene mukuuona pa webusaiti nthawi zambiri ndi FOB, kutanthauza kuti galimoto yangofika padoko la kwawo ku Japan, kaya Yokohama kaya Nagoya kaya Kobe, sinayambe n'komwe ulendo. Pamwamba pake muikepo ya sitima, ndipo sitima za RoRo zija, zimene galimoto imakweramo ndi kutsikamo poiyendetsa, zimalipiritsa potengera malo amene galimoto yatenga ndiye apo pokha kakang'ono kamapepukako pang'ono, koma zotsalazo ayi, inshulansi ya panyanja, kuiyeza isanakwere sitima ngati dziko lokafikalo limafuna setifiketi ya makampani oyeza galimoto ngati JEVIC kapena QISJ, za padoko, ejenti wa kudoko, bondi yodutsira m'dziko la eni, dalaivala kapena lole yonyamula, ejenti winanso wa paboda, kulembetsa, manambala, zonsezi Vitz imalipira pafupifupi chimodzimodzi ndi galimoto yaikulu. Ndiye ikamafika payadi mupeza kuti kusiyana kwake ndi saluni ngati Belta kapena Axio kwachepa kwambiri, ndipo kasitomala akangoona kuti atawonjezera pang'ono atenga ya buti, wapita ameneyo. Phindu la pa kagalimoto kakang'ono n'lochepa kale, mapepala akachedwa masiku aulere a padoko n'kutha, sitoreji yokha imadya lonse.

Za msonkho ndiye musamve zakumva, dziko lililonse lili ndi zake ndipo zimasintha chaka ndi chaka ndi bajeti. Maiko ambiri a kasitomu salabadira invoisi yanu, ali ndi mitengo yawoyawo, mwachitsanzo ku Kenya a KRA, bungwe lotolera misonkho, amawerengera pa mndandanda wawo wa mitengo wotchedwa CRSP, ndiye kaya munaipeza motchipa bwanji pa okushoni msonkho wake sutsika nawo. Ku Kenya komweko galimoto yopitirira zaka 8 silowa. Ku South Africa salola kuitanitsa galimoto zakale kuti muzikagulitsa konko, zimene mumaziona ku Durban zija zimakhala zongodutsa kupita maiko ena. Kwina sitiyeringi ikakhala mbali yolakwika ndiye basi. Munthu afunse zimenezi asanatumize ndalama.

Musaganize kuti vutoli ndi la ife amalonda ang'onoang'ono okha, makampani eniake limawagwetsa. India ndi dziko limene ma hatchback amagulidwa kwambiri, koma pafupifupi onse ndi opangidwa konko, Maruti Suzuki inayamba kupanga mu 1983 ndipo mpaka pano ndi imene ikutsogola. Galimoto yobwera yathunthu kuchokera kunja kwa zaka zambiri msonkho wake unkafika 100 peresenti pa zina, komanso kuyambira 2006 boma linkachepetsa msonkho pa galimoto zosapitirira mamita 4 zokhala ndi injini ya petulo yosapitirira 1200cc kapena ya dizilo yosapitirira 1500cc, ndiye hatchback ya ku Ulaya yotalikirapo pang'ono inkapezeka ili pamtengo wa galimoto ya mabwana pomwe maonekedwe ndi a kagalimoto ka wamba. Ku America mu 2018 a Ford anali atakonza zobweretsa Focus Active yopangidwa ku China, msonkho wa 25 peresenti utangoikidwa anaisiya nkhaniyo isanafike n'komwe. Ngati kampani ya mafakitale ake ikuona kuti masamu sakutuluka, nanga ife obwereka mpamba?

Koma chachikulu kwa ine si msonkho. Chachikulu n'chakuti wogula kagalimoto kakang'ono nthawi zambiri ndi munthu amene akugula galimoto yake yoyamba, wasunga ndalamazo movutika kapena watenga ngongole, ndiye alibe malo olakwitsa. Amene akugula Land Cruiser ikaonongeka ali ndi ina yoyendera, uyu alibe. Akabwera payadi sabwera yekha, amabwera ndi makaniko wake kapena mlamu wake wodziwako za galimoto, ndipo amene amagamula malonda ndi makanikoyo. Akatsegula boneti n'kuona injini imene sanaigwirepo amangoti bwana izi masipeya ake mulibe muno, nkhani yathera pomwepo ngakhale galimotoyo ikhale giredi 4.5, imene pa okushoni ya ku Japan ndi yapamwamba, ya mileji yochepa. Ndipo makanikoyo sakunama, mvetsani bwino, akunena zoona. Mtundu ukakhala watsopano m'dzikomo mashopu sasunga mafyuluta ake, mabuleki padi, mashoko, ndipo zovuta kwambiri ndi za bodi, nyali yakutsogolo, bampala, galasi lakumbuyo lija la chitseko chachisanu, zimene pa mitundu yofala mumangopita kwa ophwasula galimoto za ngozi n'kupeza tsiku lomwelo koma pa yachilendo muitanitse kunja mudikire masabata, galimoto ili pamiyala. A inshulansi nawonso amadziwa zimenezi. Ndiye zimangozungulira, masipeya kulibe chifukwa galimotozo n'zochepa, galimoto n'zochepa chifukwa masipeya kulibe, ndipo woyamba kubweretsa ndi amene amalipira kuti msika uphunzire, amene amadzadya ndi obwera pambuyo.

Chinanso wogulayo amaganiza za tsiku limene adzaigulitse. Kwa anthu ambiri galimoto ndi posungira ndalama, vuto likagwa pakhomo aigulitse msangamsanga. Toyota yakale ya mileji yambiri imagulidwa modula kuposa galimoto yatsopanoko ya dzina lachilendo pa chifukwa chimenechi, ndipo ine sindiwanena makasitomala kuti n'ngosazindikira, akuwerenga bwino ndithu.

Mbiri yoipa nayo imayenda msanga kuposa galimoto. Ma hatchback ambiri a masiku ano ali ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT kapena ya makalachi awiri, ndipo zina zinavutadi kwawo komwe. Honda Fit Hybrid imene inatuluka mu 2013 kampani inaiitanitsa kangapo ku Japan kuti ibwerere kukakonzedwa chifukwa cha giyabokosi yake. Volkswagen mu 2013 inaitanitsa galimoto zambirimbiri ku China kuti zibwerere kukakonzedwa pa nkhani ya giyabokosi ya DSG, ndipo giyabokosi ya Powershift ya mu Fiesta ndi Focus inafikitsa Ford kukhoti m'maiko angapo. Tsono kwawoko kuli madila okonza mwaulere, kumsika watsopano kulibe, kuli makaniko amene athira oyilo wamba wa otomatiki mu CVT chifukwa weniweniyo sapezeka, giyabokosi n'kufa, mawa tauni yonse ikuti mtundu uwu ndi wakufa magiya. Galimoto ziwiri zitatu zikachita choncho dzina laonongeka kwa zaka. Ma hybrid ngati Aqua ndi abwino kwambiri pa mafuta koma kumene kulibe munthu wodziwa kuyeza ndi kusintha batire lake lalikulu lija anthu amawaopa, ndipo amayamba kuyenda malonda pokhapokha amisiri ake akapezeka.

Palinso nkhani ya mtima wa anthu, imene ambiri oyamba geni amaipeputsa. Ku Japan ndi ku Ulaya hatchback ili ndi chifukwa chake, misewu yopapatiza, poimika povuta, ndipo pabanja mwina ndi galimoto yachiwiri yongopitira kuntchito. Kwina galimoto imodzi yomweyo inyamule banja lonse, katundu, iyende ulendo wautali, komanso ionetse kuti mwini wake zikumuyendera. Ku China m'zaka za m'ma 1990 Citroën ZX imene ankaitchula Fukang anthu ankainyoza kuti ilibe mchira mpaka kampani inachita kupanga ina ya buti. Ku India a Maruti Suzuki anatenga Swift n'kuiikira buti mu 2008, Dzire ija, ndipo inagulidwa koopsa. Ku America anthu anathamangira ma SUV ndi mapikapu, Honda Fit ndi Toyota Yaris zinasiya kugulitsidwa kumeneko itatha 2020, Volkswagen Golf wamba inatsatira itatha 2021 kunangotsala GTI ndi Golf R. Si kuti zinali galimoto zoipa ayi, Fit mkati mwake ndi yotakasuka kuposa masaluni ambiri mukapinda mipando, koma diso la wogula limaona kagalimoto kodulidwa kumbuyo.

Misewu nayo. Zopangira ku Japan zambiri n'zotsika, mukakweza anthu asanu zimakhula pansi pa hampu iliyonse, mashoko ndi mabushi amatha msanga m'misewu ya maenje. A Renault potulutsa Kwid ku India mu 2015 anaikweza kufika mamilimita 180 n'kuipatsa nkhope ngati ka SUV, anadziwa chimene anthu akuopa. Ndipo kutchipa kokha sikukwanira, Datsun Go inapeza nyenyezi 0 pa mayeso a ngozi a Global NCAP mu 2014, mbiriyo inaimamatira, dzina la Datsun linatsekedwanso mu 2022. Tina n'ting'onoting'ono koma timabweza kasitomala, wailesi ya ku Japan yakale imalekera pa 90 MHz ndiye masiteshoni ambiri sagwira mpaka muikemo ekisipanda, kachipangizo kothandiza kuti igwire masiteshoni otsalawo, sikirini yonse ili mu Chijapanizi, zambiri zilibe tayala la sipeya zimangobwera ndi kabotolo komatira ndi kapampu, zina zimafika ndi matayala a m'chipale chofewa amene pa phula lotentha sachedwa kutha. Zonsezi mukonze ndi ndalama yanu musanaionetse munthu.

Nthawi ndi imene imapha mpamba. Mwagula ndi dola, mugulitsa ndi ndalama ya dzikolo, ndiye galimoto ikakhala miyezi payadi ndalamayo n'kugwa mphamvu, ngakhale mugulitse pamtengo umene munkafuna mukabwerera kukaoda mupeza sikukwananso galimoto ina ngati yomweyo. Apo n'kuti batire lafa, penti yapsa ndi dzuwa, madobadoba akukuuzani mutsitse chifukwa aliyense waiona kuti yakhalitsa.

Sindikuti musayambe. Ma hatchback amagulidwa, ena koopsa, koma amene amagulidwa ndi amene ali ndi abale awo kale m'dzikomo. Ine ndisanabweretse mtundu kumalo kumene sindinagulitseko ndimayamba ndapitako opanda galimoto, ndimaima pamsewu waukulu kuona zimene zikudutsa, zimene a matakisi ndi a sukulu zophunzitsa kuyendetsa akugwiritsa ntchito chifukwa amenewo ndi amene amatsegula msika wa timagalimoto, kenako ndimalowa m'mashopu a masipeya kufunsa nyali, bampala ndi mashoko a mtundu umene ndikuuganizirawo ngati kuti yanga yaonongeka. Akandiuza kuti tiitanitsa, ndadziwa kale yankho. Komanso muziyang'ana injini osati dzina la kumbuyo. Passo ya 1000cc ndi Vitz ya 1000cc zonse ndi 1KR-FE, 1NZ-FE ya 1500cc ili mu ist, mu Axio, mu Probox, HR12DE ili mu March ndi mu Note, ndiye ngakhale bodi ikhale yachilendo makaniko akatsegula boneti n'kuona injini yoizolowera theka la mantha latha. Maina nawo amasintha ndi dziko, Vitz kwina ndi Yaris, Demio ndi Mazda2, March ndi Micra, mwina masipeya alipo kale pa dzina linalo, koma mufananize ndi nambala ya chasisi chifukwa nyali ndi mabampala nthawi zina zimasiyana.

Poyamba gwirani za oda. Kasitomala asankhe yekha, apereke dipoziti, mulemberane bwinobwino kuti msonkho ukasintha kapena sitima ikachedwa zikhala bwanji, inu mudye ya ntchito yanu. Phindu lake n'lochepa koma mpamba sugona payadi ndipo mumaphunzira zimene anthu akufunadi. Mukafuna kuyesa mtundu watsopano bweretsani imodzi, ya penti yoyera kapena yasiliva, ya petulo wamba, muitanitsirenso mafyuluta, mabuleki padi ndi oyilo wa giyabokosi wake, ndipo mupeze makaniko mmodzi wodziwika amuone ndi kuidziwa isanapite pamsika kuti wogula akafunsa kuti ikavuta ndipite kuti mukhale ndi dzina lomupatsa. Pepala la okushoni muliitanitse lenileni ndipo wina wodziwa akuwerengereni, giredi R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo mileji muifananize ndi imene yalembedwa pa export certificate, pepala lotulutsira galimoto ku Japan, pamene pamaoneka makilomita a nthawi imene inkayezedwa shaken, kuyeza kwa boma la Japan kumene kumachitika galimoto ikakwana zaka 3 kenako zaka 2 zilizonse. Zochokera kumpoto kozizira ngati Hokkaido muzipempha zithunzi za kunsi chifukwa mankhwala osungunulira chipale m'misewu amadyetsa dzimbiri.

Mundiuze dziko limene mukufuna kukagulitsako, doko limene mukuganiza kudzera ndi nambala ya chasisi ya mtundu umene mwauona pa webusaitipo, tiwerengere limodzi kuyambira FOB mpaka manambala musanatumize kalikonse.