Funsani Dokotala: Kodi foni ingandipulumutse ulendo wa kuchipatala?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka ziwiri watentha thupi masiku atatu tsopano. Ndamupatsa LA amene anatsala mkulu wake atadwala, poti n'zodziwikiratu kuti ndi malungo, koma sizikusintha. Ndamva kuti kuli nambala yoimba n'kulankhula ndi anamwino. Kodi angandiuze mankhwala ena oti ndikagule? Kwathu kuno chipatala n'kutali. Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, ndikuona kuti chakuvutani kwenikweni ndi ulendowo: ndalama ya kabaza, tsiku lonse pamzere, mwinanso mantha oti akakukalipirani kuti munali kuti. Zimenezo n'zomveka.

Nambalayo ilipodi. Ndi Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach pofuna kuthandiza amayi oyembekezera ndi ana, ndipo kenaka chinaperekedwa ku Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba 929 kwaulere. Imbani ndithu. Adzakufunsani mafunso n'kukuuzani ngati vutolo lingadikire kapena ayi. Koma foni siboola chala, ndipo simva chifuwa cha mwana.

Mawu anu oti "n'zodziwikiratu" ndi amene andidetsa nkhawa. Ndani anakuuzani kuti kutentha thupi kulikonse ndi malungo? Chibayo chimatenthetsa thupi. Matenda a m'khutu, a pakhosi, a m'njira ya mkodzo, chikuku, ngakhale matenda oumitsa khosi, onsewa amayamba chimodzimodzi. Ife amene tinaphunzira ntchitoyi sitingasiyanitse ndi maso okha, n'chifukwa chake timatenga kadontho ka magazi, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Ngati mwanayo ali ndi chibayo, LA sachita kanthu, matenda akungokula inu mukuyembekezera.

Komanso LA wotsalayo anatsala bwanji? Mankhwalawa amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka atatha, ndipo mlingo wake umatengera sikelo ya mwana. Ndiye kuti mkulu wake sanamalize, mng'ono wake walandira zoperewera. Musadzachitenso, mayi. Sitimagawana mankhwala ngati ndiwo.

Mwana akatentha thupi ayenera kuonedwa pasanathe maola 24. Inu masiku atatu akwana, choncho nyamukani lero. Funsani ngati m'dera lanu muli kiliniki ya m'mudzi ya alangizi a zaumoyo, chifukwa iwo amayeza malungo ndi kuthandiza ana osakwana zaka zisanu, mwina n'kufupi kuposa momwe mukuganizira. Koma akayamba kukomoka, kusanza chilichonse, kukana kumwa kapena kuyamwa, kugona osadzutsika, kapena nthiti zikamalowa mkati popuma, pitani molunjika kuchipatala ngakhale usiku. Mwana wa msinkhu umenewu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, tikuganizira chibayo. Wotchi ya pafoni yanuyo ikuthandizani kuwerenga.

Tengani buku lake la kusikelo ndi paketi ya LA ija. Mukawauze zoona, tsiku limene munayamba kumupatsa ndi mapiritsi angati, chifukwa dokotala akufunika kudziwa zimenezo posankha mankhwala. Panjira muzimumwetsa madzi pafupipafupi, ndipo musamufunditse zofunda zambiri.