Za mwayi wokaphunzira zaluso ku Florence

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kulandira mwayi wokakhala semesita imodzi ku Florence, m'dziko la Italy, mukuphunzira zojambula, kamangidwe ka nyumba ndi zisudzo, pamene makolo akunena kuti zonsezi ziliko kale pa intaneti ndipo ulendowo ndi wongotayitsa ndalama. Ine ndikuti pitani, ngakhale kuti nkhawa ya makolowo pa ndalama ndi yomveka ndipo musaipeputse.

Chimene foni singakupatseni ndi ukulu weniweni wa chinthu ndi mmene amisiri anachigwirira ndi manja. Pachithunzi, denga lobulungira la tchalitchi cha Santa Maria del Fiore, limene Filippo Brunelleschi anamanga kuyambira 1420 mpaka 1436, limangooneka ngati chipewa chofiira pamwamba pa mzinda. Koma mukamakwera masitepe ake 463, mumadutsa m'kanjira kopanikiza pakati pa zigoba ziwiri, chamkati chochindikala ndi chakunja chopyapyala, ndipo pakhoma mumaona njerwa zambiri zogonekedwa, kenaka apo ndi apo zina zoimiritsidwa, zikukwera mokhota. Njerwa zoimirirazo ndi zimene zinkagwira mzere watsopano kuti usagwere mkati matope omangira asanaume, n'chifukwa chake denga lalikulu chotero linatheka popanda mitengo yolichirikiza kuchokera pansi. Munthu wochokera kwathu kuno, kumene pafupifupi aliyense anaonapo mmisiri akuyala njerwa ndi chingwe chake, akaima pamenepo ndi kope ndi pensulo amamvetsa msanga zimene buku limalephera kufotokoza, ndipo nzeru yotereyi amabwera nayo kumudzi. Chimodzimodzinso chosema cha David, chimene Michelangelo anamaliza mu 1504: n'chotalika kupitirira mamita 5, ndipo mutu ndi dzanja lamanja n'zazikulu kuposa mmene thupilo lingafunire. Poyamba chinakonzedwa kuti chikaikidwe pamwamba pa tchalitchi, anthu azichionera pansi, ndipo zimenezi mumazizindikira bwino mutaima pamapazi ake n'kukweza maso.

Pa zisudzo ndipo ndikufuna kukuchenjezani kwambiri. Chithunzi ndi nyumba mukhoza kuziphunzira muli chete, koma sewero limafuna chinenero, ndipo wophunzira amene wafika asakudziwa Chitaliyana amathera semesita yonse ali kumbuyo kwa anzake. Yambani kuchiphunzira lero, ndipo funsani bwino ngati maphunziro anu adzaperekedwa m'Chingerezi, popeza sukulu zaboma za zaluso kumeneko kawirikawiri zimaphunzitsa m'Chitaliyana. Mukapeza kalasi ya commedia dell'arte, masewero akale amene osewera mbali za anthu a m'sewero monga Arlecchino ndi Pantalone amavala zigoba zophimba theka la nkhope, musaiphonye, chifukwa nkhope ikabisika msana, khosi ndi kayendedwe ndizo zimayankhula, ndipo pamenepo ngakhale amene chinenero chikumuvuta amatha kuonetsa luso lake. Ndalama zikalola, kwerani sitima mukaone Teatro Olimpico mumzinda wa Vicenza, nyumba ya zisudzo imene Andrea Palladio anajambula ndipo inatsegulidwa mu 1585. Misewu ya pasiteji pake imaoneka yopita kutali kwambiri, pamene ndi yaifupi: pansi pamakwera pang'onopang'ono ndipo tinyumba tamatabwa timanka ticheperachepera. Ameneyo ndi malo amodzi amene maphunziro anu atatu onse amakumana.

Tsopano za mapepala ndi ndalama. Musananyamuke, mkulu wa dipatimenti yanu asainire kalata yonena maphunziro amene adzawerengedwe mukabwerera. Ku Ulaya semesita yathunthu imakhala makirediti 30 a ECTS (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro m'mayunivesite a kumeneko), ndipo popanda mgwirizano wolembedwa mukhoza kubwerera n'kuuzidwa kuti mubwereze chaka, chimene chingatsimikize mantha onse a makolo anu. Popeza mukakhala masiku opitirira 90, mufunika viza ya ophunzira ya mtundu wa D, ndipo mukafika muyenera kupempha chilolezo chokhalira m'dzikomo, permesso di soggiorno, pasanathe masiku 8 ogwira ntchito. Mafomu ake amapezeka ku positi ofesi. Nyumba yogona ndiyo imadya ndalama zambiri ku Florence, poti alendo odzaona malo ndi ochuluka chaka chonse, choncho funsani amene akupatsani mwayiwo ngati thandizo lawo likuphatikiza malo ogona, chakudya, inshuwalansi ya zaumoyo ndi tikiti ya ndege, ndipo yankho likhale lolembedwa. Nyumba zaboma zosungiramo zaluso, kuphatikizapo Uffizi, zimalowetsa anthu mwaulere Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, kungoti mzere umakhala wautali, ndiye muzilawirira.

Mukasonkhanitsa mayankho onsewa, khalani pansi ndi makolo muwaonetse papepala ndalama zimene sukulu ikulipira ndi zimene zikutsalira banja. Ngati zotsalazo zikufuna kuti agulitse munda kapena atenge katapila, pemphani kuti mwayiwo akusungireni chaka chamawa pamene mukufunafuna thandizo lina.