Vairasi si decomposer, ngakhale imathandiza kuti zinthu ziwole

Achemwali, mwafunsa ngati mavairasi tingawaike m'gulu limodzi ndi mabakiteriya ndi bowa, gulu lija la ma decomposer, zamoyo zowoletsa zinthu zakufa, poti nawonso amaphwanya maselo. Ndaona ena akuyankhani kuti inde, ati chilichonse chowononga thupi la chamoyo ndi chowoletsa. Ine ndikuti ayi, ndipo funsoli likabwera pa mayeso lembani ayi mosakayika. Komabe amene akuti inde sakungolankhula, chilipo chimene aona, ndipo ndichifotokoza.

Decomposer amapeza chakudya chake pa chinthu chimene chafa kale: tsamba lothothoka, ndowe, mtembo wa nyama, chipika. Mukatembenuza chipika chimene chagona nthawi yaitali m'nkhalango, kunsi kwake mupeza timaulusi toyera titayanga ponseponse, tina titalowa m'kati mwa mtengowo, womwe pofika pamenepo umangofumbutuka ukaugwira. Timaulusi timeneto ndiye thupi lenileni la bowa. Timatulutsa kunja ma enzyme, omwe ndi mapuloteni otha kuphwanya zinthu, ma enzyme amenewo amasungunula cellulose ndi lignin, zomwe zimalimbitsa mtengo, kenako bowayo amayamwa zosungunukazo. Amadya, amapuma, amakula. Potero kaboni amabwerera mumpweya, nayitrojeni ndi fosiforasi zimabwerera m'dothi, mizu ya zomera n'kuzitenganso. Mabakiteriya ambiri a m'nthaka amagwira ntchito yomweyi.

Vairasi siingachite chilichonse mwa zimenezi. Ndi kachingwe ka DNA kapena RNA kokutidwa ndi chigoba cha mapuloteni, ina ili ndi kachikopa kamafuta pamwamba, basi. Ilibe ma ribosome opangira mapuloteni, ilibe popangira mphamvu, siidya ndipo siipuma. Kuti ichulukane imayenera kulowa m'selo lamoyo, lomwe zonse zikugwirabe ntchito, n'kulikakamiza kusiya ntchito zake kuti liyambe kupanga mavairasi atsopano. Mukaiika pa tsamba louma ingokhala phee mpaka dzuwa liiwononge. Izi zinadziwika kalekale. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky anaona kuti choyambitsa matenda a mawanga pa masamba a fodya chimadutsa pa sefa yotchinga mabakiteriya, ndipo mu 1898 Martinus Beijerinck anasonyeza kuti chinthucho, chomwe ndi vairasi, chimachulukana m'mbali zamoyo zokha za chomera, zimene zikukula. Mpaka lero mabakiteriya ambiri amawaweta m'kambale ka chakudya chophikidwa, koma vairasi amachita kuifunira maselo amoyo. N'chifukwa chake katemera wambiri wa fuluwenza amapangidwa pochulukitsa vairasiyo m'mazira a nkhuku okhala ndi kamwana m'kati.

Tsono tibwere kwa anzathu akuti inde. Pali mavairasi otchedwa baculovirus amene amagwira mbozi. Mbozi yodwala imasiya kubisala, imakwera pamwamba pa chomera, imafera komweko italendewera, kenako thupi lake limasungunuka n'kukhala madzi akuda amene amadonthera pa masamba a m'munsi. Munthu woona zimenezi anganene kuti ndi kuwola ndithu, ndipo sindingamunene. Vairasiyo ilidi ndi malangizo mu DNA yake opangira ma enzyme awiri, chitinase ndi cathepsin, amene amasungunula khungu ndi mnofu wa mboziyo. Koma taonani bwino. Ma enzyme amenewo amapangidwa ndi maselo a mbozi yomweyo isanafe, ndipo vairasiyo siipeza chakudya chilichonse m'madzi akudawo. Kusungunukako ndi njira yotulukira, kuti mbozi ina ikadya tsamba lodontheredwalo nayonso itenge matenda.

Kumene nkhaniyi imakoma kwambiri ndi m'nyanja zikuluzikulu za mchere. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti mavairasi ndi ochepa m'madzi. Mu 1989 asayansi a ku Bergen, m'dziko la Norway, anawawerenga ndi maikulosikopu yamphamvu ndipo anapeza kuti alimo ochuluka zedi. Lero tikudziwa kuti m'mililita imodzi ya madzi a pamwamba pa nyanja mumakhala mavairasi pafupifupi 10 miliyoni. Ambiri mwa iwo sakhudza munthu, amagwira mabakiteriya. Amenewa ndi ma bacteriophage, omwe Frederick Twort anawatulukira mu 1915 ndipo Félix d'Hérelle anawatulukiranso payekha mu 1917. Mmodzi wodziwika bwino, T4, amatera pa bakiteriya wa E. coli, amabaya DNA yake m'kati, ndipo pakangotha mphindi 30 kapena kucheperapo selo lija limaphulika n'kutulutsa mavairasi atsopano oposa 100.

Selo likaphulika chonchi zonse za m'kati mwake zimamwazikira m'madzi: shuga, mapuloteni, nayitrojeni, fosiforasi, ayironi. Curtis Suttle, katswiri wa mavairasi a m'nyanja, anawerengetsa kuti mavairasi amapha pafupifupi 20 peresenti ya tizamoyo tosaoneka ndi maso ta m'nyanja tsiku lililonse. Iye ndi Steven Wilhelm mu 1999 anapatsa zimenezi dzina loti viral shunt. Chakudya chimene chikanapita m'mimba mwa tinyama tating'ono n'kukafika kwa nsomba chimapatuka panjira, n'kubwerera kwa mabakiteriya. Pali ndere zina za selo limodzi, Emiliania huxleyi, zimene zimachulukana mpaka madzi a m'dera lalikulu la nyanja amayera ngati mkaka, moti zimaoneka pa zithunzi za setilaiti. Kawirikawiri ndi mavairasi amene amathetsa kuchulukana kumeneku.

Ndiye aliyense wonena kuti mavairasi alibe gawo pa kuzungulira kwa kaboni ndi michere m'chilengedwe akulakwitsa kwambiri, ndipo ndimadandaula kuti mabuku ambiri a sukulu amangowatchula pa mutu wa matenda. Koma funsani kuti amene akudya zomwazikazo ndani. Ndi mabakiteriya. Iwo ndiwo amazisandutsa mpweya wa carbon dioxide ndi michere imene ndere zingagwiritsenso ntchito. Mkango ukapha mbidzi, zotsala zimawola ndipo udzu wa pamalopo umakondwa, koma palibe amene amati mkango ndi decomposer. Vairasi nayo imapha chamoyo, owoletsa amabwera pambuyo. Pojambula chithunzi cha kadyedwe ka zamoyo, malo ake ndi pa ma parasite, zinthu zodalira thupi la chamoyo china n'kumachivulaza, ndipo ndi parasite yosatha kuchulukana kwina kulikonse kupatula m'selo lamoyo. Ngakhale mavairasi akuluakulu ngati Mimivirus, omwe anafotokozedwa mu 2003 ndipo amaposa mabakiteriya ena kukula, sangachite kanthu popanda kachamoyo ka selo limodzi, monga amoeba, koti alowemo kali moyo.

Chinthu chimodzi musachisokoneze, chifukwa chikukhudza moyo wa anthu. Kunena kuti vairasi siichulukana m'thupi lakufa sikutanthauza kuti imatheratu nthawi yomweyo. Imene inapangidwa munthu kapena nyama ili moyo imatsalamo, ndipo ina, monga ya Ebola, imatha kupatsira anthu ogwira mtembowo kwa masiku angapo. Chiwerengero chake sichikwera, chimangotsika pang'onopang'ono pamene kutentha, ma enzyme ndi mabakiteriya owoletsa akuphwanya zigoba zake pamodzi ndi thupi lonselo.