Kwa mayi amene akufunsa za vape ya mwana wawo

Mayi, mwati mwana wanu wa zaka 22 yemwe ali kuno ku UK wayamba vape, ndipo akukuuzani kuti ndi nthunzi chabe, ngakhale achipatala amailimbikitsa. Pa za achipatalazo wanena zoona, koma wasiyira panjira.

Achipatala amailimbikitsadi, koma kwa munthu amene akusuta kale ndudu ndipo akukanika kusiya. Mu 2023 boma linayambitsa ntchito yotchedwa Swap to Stop, yogawa mavape aulere kwa osuta 1 miliyoni ku England. Chimene chimapha kwambiri mu ndudu ndi utsi wa fodya woyaka, phula lija ndi mpweya wa poizoni. Vape siwotcha fodya, imangotenthetsa timadzi tokhala ndi nikotini. Ngakhale Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China amene anaipanga mu 2003, ankasuta kwambiri ndipo ankafuna njira yosiyira. Ndimagwira ntchito ndi bambo wina wa zaka za m'ma 50 amene anasiya ndudu mwa njira imeneyi, ndipo ine sindingamudzudzule.

Koma taonani amene akuigula. Ku America, bungwe la boma loona za umoyo la CDC linapeza kuti akuluakulu ogwiritsa ntchito vape anakwera kuchoka pa 4.5 peresenti mu 2019 kufika pa 6.5 peresenti mu 2023. Chaka chomwecho, pakati pa a zaka 21 mpaka 24 anali 15.5 peresenti, msinkhu wa mwana wanu ndendende. Mu 2021, a zaka 45 kupita m'tsogolo anali 2 peresenti yokha. Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti achikulire ochepawo pafupifupi onse ndi anthu amene amasuta kapena ankasuta ndudu, pamene mwa ogwiritsa ntchito vape a zaka 18 mpaka 24, oposa theka sanakhalepo osuta ndudu. Wamkulu akuthawa moto, mwana akukadziyambira yekha chibaba chimene analibe.

Kunonso zinasintha cha mu 2021, atabwera mavape otaya ukatha kusuta, monga Elf Bar ndi Lost Mary. Otsika mtengo, amitundu yowala ngati maswiti, onunkhira mango kapena mavwende. Ambiri amakhala ndi nikotini wa 20 mg pa mililita, womwe ndi mlingo wapamwamba umene lamulo limalola. Sakereketa pakhosi ngati ndudu, ndiye munthu amangokoka tsiku lonse, pabedi, m'bafa, podikira basi. Ndudu imatha, umaponda kachidutswa n'kupita. Iyi ilibe pothera. Boma linaletsa kugulitsa otayawo kuyambira pa 1 June 2025, koma makampani anatulutsa ena ofanana nawo, ochajitsa, moti m'mashopu sipanasinthe zambiri.

Kwathu tinazolowera kuti wosuta ndi agogo a chingambwe, ndipo umawadziwa ndi fungo la malaya. Awa a masiku ano akhoza kukhala nanu m'nyumba chaka chathunthu inu osadziwa, mukumangoti mwana amakonda chingamu.

Zoti ndi nthunzi ya madzi, ayi. Muli nikotini, propylene glycol ndi glycerine (timadzi timene timapanga nthunziyo), komanso zokometsera, ndipo nikotini amakola msanga ubongo umene ukukulabe, mpaka cha m'ma zaka 25.

Mukamaimbirana, musayambe ndi kukalipa, angodula foni. Mufunseni kaye ngati ankasuta ndudu asanayambe vape. Ngati ankasuta, musamukakamize kuitaya lero lomwe, angabwerere ku ndudu. Azitsitsa mphamvu pang'onopang'ono, kuchoka pa 20 kupita pa 10, kenako kutsika. Ngati sankasuta, mufunseni kuti akadzuka m'mawa pamapita mphindi zingati asanaigwire. Akati imagona pansi pa pilo, apite kwa dokotala wake kapena ku famase akafunse thandizo losiyira.